Mipando Itatu pa Msewu wa ku Chipata

Mabasi akuluakulu opita ku Chipata amanyamuka pa Intercity mu Lusaka kunja kusanayere, ndipo akamalowa m'boma la Rufunsa anthu ambiri amakhala akusinza, mitu itatsamira mawindo. Amadzadzidzimuka pa mlatho wa Luangwa, fungo la nsomba zowamba litadzaza m'basi. Motero dera lonse la pakatipa, makilomita oposa 100 a mapiri, miombo ndi matumba a makala, limangokhala podutsira. Komatu ndi dziko la eni ake. Muli mafumu atatu a Asoli, omwe ndi Bunda Bunda, Mpanshya ndi Shikabeta, ndipo aliyense ali ndi nyakwawa zake, nduna zake, akapaso ake ndi mbiri ya momwe mpando wake unachokera kwa uyu kupita kwa uje.

Mphunzitsi wina wopuma ntchito, amene anakalambira pa bolodi akuphunzitsa mbiri yakale ku sekondale, anaganiza zoyenda msewuwu mosathamanga. Anasiya basi yaikulu n'kukwera minibasi, kuti azitsika pomwe mtima wafuna. Munali m'chilimwe, tchire litapsa kale, mapiri akuoneka mwa chizimezime chifukwa cha utsi. M'chikwama mwake munali botolo la madzi, mtedza wokazinga ndi buku lonena za mafumu a ku Norway a zaka za m'ma 1100 ndi 1200. Ana ake ankamuseka kuti dziko la chipale chofewa likukhudzana bwanji ndi Rufunsa. Iye ankangoyankha kuti maliro a mfumu amafanana kulikonse.

Msewu umatuluka mu Lusaka kudzera pa Manda Hill, pa yunivesite, pa Chelstone, n'kusiya mphambano ya ku bwalo la ndege kumanzere. Wokhala m'tauni amaiwala msanga kuti mzindawu unamera pa midzi ya anthu. Dzina lake lenilenilo linachokera kwa nyakwawa Lusaaka, ndipo likulu la dziko linasamukira kuno kuchokera ku Livingstone mu 1935 chabe. Minda ya chimanga ikayamba kuoneka, munthu amakhala walowa m'dziko la Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, mayi amene analongedwa ufumu mu 1971. Aona mapulezidenti asanu ndi awiri, kuyambira Kenneth Kaunda mpaka Hakainde Hichilema, iwo ali pa mpando womwewo. Mwambo wawo wopempha mvula, Chakwela Makumbi, umachitikira ku Chongwe mvula isanagwe.

Ufumu wautali choncho umagonetsa dziko tulo. Ana amabadwa, kukwatira, kuona zidzukulu, osamvapo mkangano wa mpando. Koma mphunzitsi uja, amene anawerenga mbiri zambiri, ankadziwa kuti funso lakuti adzalowa ndani silifa. Limangobisala, kudikira tsiku la maliro.

Pa Chongwe anasintha galimoto. Kondakitala anamukhazika kutsogolo poona imvi. "Khalani apa, atate, kumbuyoko kuli matumba a feteleza," anatero mnyamatayo. Kuchoka apo msewu umayamba kukwera ndi kutsika, nyumba za malata zikucheperachepera. Rufunsa yense anali mbali ya boma la Chongwe kufikira mu ulamuliro wa Michael Sata, pulezidenti amene ankakonda kudula maboma atsopano. Malire a boma anasintha, koma a mafumu anatsala pomwe anali.

Pa Chinyunyu, makilomita ngati 90 kuchokera ku Lusaka, pali akasupe a madzi otentha pafupi ndi msewu. Madziwo amatumphuka pansi akufuka nthunzi, ndipo pomwe akutulukirapo munthu sangaviikepo dzanja n'kulisiyamo. Kumunsi, komwe azizirako, amayi amachapa, ana amasamba, ndipo alendo ena amatunga m'mabotolo pokhulupirira kuti ndi mankhwala. Mphunzitsiyo anagwada, nakhudza madziwo ndi chala, n'kuchichotsa msangamsanga. Kutenthako kunamukumbutsa munthu wina wa m'buku lake.

Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1120, ku Norway kunafika mlendo wochokera ku Ireland dzina lake Harald Gille. Ananena kuti ndi mwana wa mfumu Magnus Berrføtt, amene anafera ku Ireland komweko mu 1103. Panalibe kalata, panalibe mboni yodalirika kupatula mayi ake. Mfumu yolamula nthawi imeneyo, Sigurd Jorsalfar, inamuuza kuti atsimikize ndi moto. Harald anayenda wopanda nsapato pa zitsulo zolimira 9 zotenthetsedwa mpaka kufiira, ndipo patapita masiku ochepa mapazi ake anapezeka ali bwino. Anamuvomera kuti ndi m'bale wa mfumu, atalumbira kuti sadzafuna mpando Sigurd ndi mwana wake Magnus ali moyo.

Sigurd anamwalira mu 1130, ndipo lumbiro lija linapita naye kumanda. Harald ndi Magnus anagawana ufumu kwa kanthawi, kenaka anamenyana. Mu 1135 Harald anagwira Magnus ku Bergen, namukolowola maso, kumufula ndi kumudula phazi, kuti asadzakhalenso pa mpando. Chaka chotsatira Harald anaphedwa usiku ali m'tulo. Anamupha ndi Sigurd Slembe, winanso wonena kuti ndi mwana wa Magnus Berrføtt yemwe uja. Umu ndi momwe zinayambira nkhondo za pachiweniweni zomwe zinasautsa Norway kuchokera mu 1130 mpaka 1240.

Mchewa kapena Mnsenga sadabwa ndi za chitsulo cha motozi. Makolo athu anali ndi mwavi, ndipo ganizo lake linali lomwelo: anthu akalephera kudula mlandu, aulekere amene amaona zobisika. Vuto lakenso linali lomwelo. Wotenthetsa chitsulo ndi wosakaniza mwavi anali anthu, ndipo munthu amakhala ndi mbali yake.

Gwero la mavuto a Anorway linali lamulo lawo. Mwana aliyense wamwamuna wa mfumu anali ndi ufulu wofanana pa mpando, kaya wa mkazi wa ukwati, kaya wa chibwenzi cha paulendo. Mafumuwo ankayenda kwambiri, choncho ana ankatulukira kuchokera ku zilumba zakutali, aliyense ndi nkhani yake ndi amalume ake onola malupanga.

Chinyunyu ali m'dziko la Mfumu Bunda Bunda, kwawo kwa mwambo wa Chibwela Kumushi, ndipo anthu a kuno safunika kuwaphunzitsa za mkangano wa mpando. Mfumu yawo itamwalira, mabanja achifumu anasemphana pa za wolowa m'malo, nkhani inachoka pabwalo la m'mudzi n'kukalowa m'makhothi a ku Lusaka, komwe inakhala zaka zambiri ikukwera kuchoka pa khothi ili kupita pa lina. Palibe amene anakolowoledwa maso. Zida za masiku ano ndi maloya, zikalata zolumbirira ndi mapepala akale a ku nkhokwe ya boma. Koma nthawi yonse yomwe mpando uli pa mlandu, wamba ndiye amavutika. Mkangano wa malire a munda umasowa woudula. Nyakwawa zimagawikana. Wofuna kalata ya mfumu sadziwa khomo loti agogode, ndipo akagogoda lolakwika amadziwika kuti ndi wa mbali iyo.

Pansi pa mtengo pafupi ndi akasupewo panakhala gogo wina akusema mpini. Mphunzitsi anapereka moni mwaulemu, anagawana mtedza, ndipo nkhani inafika pa ufumu. Analankhula Chinyanja, pakuti Chisoli, chomwe ndi chibale cha Chilenje ndi Chitonga, mlendoyo sankachimva bwino.

"Kodi agogo, mwana wa mfumu sangalowe ufumu wa bambo ake?"

Gogoyo anaseka mpaka kuika kasemasema pansi. "Aphunzitsi, inunso mwakula, musafunse za ana. Mwana amene tikumudziwa ndi amene tinamuona akubadwa. Wa mlongo wako ndiye wako. Wa mkazi wako ndi wa eni ake."

Asoli, monga Achewa, Ansenga ndi Alenje, amawerenga mtundu kudzera kwa mayi. Ufumu umapita kwa mng'ono wa bere limodzi, kwa muphwa, kapena kwa mayi wa m'banjamo, ndipo n'chifukwa chake mafumu aakazi si achilendo kuno. Mwambo umenewu umatseka khomo lomwe Harald Gille analowera. Mlendo sangachoke kutsidya kwa nyanja n'kunena kuti mfumu inagona kwawo usiku wina. Komabe umatsegula khomo lina. Gogo woyamba akabereka ana aakazi atatu, pakatha mibadwo isanu pamakhala mabere atatu, lililonse ndi adzukulu ake ochuluka, ndipo onse ndi a magazi enieni. Apa ndiye pamabuka funso lomwe limadya ndalama m'makhothi a Zambia: kodi ufumu uzizungulira m'mabere onse, kapena ndi wa bere lalikulu lokha? Nanga oyenera kusankha ndi ati? Mbumba ya amayi akuluakulu, nduna, kapena banja lonse?

Pali nkhani ya ku Norway yomwe gogo uja akanaimva akanapukusa mutu. Mu 1161 mkulu wina wa nkhondo, Erling Skakke, anaika mwana wake Magnus, wa zaka zisanu, pa mpando. Erling sanali wa magazi achifumu. Mkazi wake Kristin ndiye anali mwana wa mfumu Sigurd Jorsalfar. Kwa Anorway uku kunali kufooka kwakukulu, poti mwanayo sanali mwana wa mfumu koma mdzukulu wodzera kwa mkazi. Pofuna kutseka mpatawo, Erling anagwirizana ndi Arkibishopu Øystein, ndipo mwanayo anavekedwa chisoti mu tchalitchi ku Bergen cha mu 1163, koyamba m'mbiri ya dzikolo. Anakhazikitsanso lamulo loti mfumu izikhala imodzi, yobadwa mu ukwati wa mpingo. Ku Rufunsa kudzera kwa mayi ndiye njira yowongoka. Ku Bergen kunafunika mafuta opatulika ndi asilikali kuti kuvomerezeke.

Ngakhale zimenezo sizinathandize. Ku zilumba za Faroe kunakulira mnyamata wina, Sverre, amene anaphunzira za unsembe. Mayi ake anadzamuuza kuti bambo ake enieni anali mfumu Sigurd Munn. Akatswiri a mbiri ambiri amakayika, koma Sverre sanafunse akatswiri. Mu 1177 anakhala mtsogoleri wa gulu la zigawenga zosauka lotchedwa Birkebeiner, mu 1179 anapha Erling pafupi ndi Nidaros, ndipo mu 1184 anagonjetsa Magnus pa nkhondo ya m'madzi ku Fimreite, komwe Magnus anafera. Anachotsedwa mu mpingo, iye osatekeseka, mpaka anafa ndi matenda ku Bergen mu 1202 ali mfumu. Anaonetsetsanso kuti mbiri yake ilembedwe iye akuyang'anira, nzeru yomwe ofuna mipando a masiku ano sanaiiwale.

Kuchokera pa Chinyunyu mphunzitsi anapeza lole yonyamula simenti. Dalaivala anali wosalankhulalankhula, zomwe zinamupatsa mpata woona dziko. M'mbali mwa msewu munali matumba a makala ondandalikidwa, ena aatali kuposa mwana wa sukulu, akudikira magalimoto a ku Lusaka. Kumanja, kuseri kwa mapiri, kuli nkhalango yotetezedwa ya Lower Zambezi. Kumanzere dziko limatsetserekera ku chigwa cha Luano ndi mtsinje wa Lunsemfwa, mbali ya kwa Shikabeta.

Munthu angafunse kuti mpando wa kumudzi kotere uli ndi chiyani choti anthu ophunzira, ena okhala m'tauni, aziulimbirana mpaka kugulitsa ng'ombe kuti alipire loya. Yankho lili pa zenera la loleyo. Lamulo la malo la 1995 limati malo a makolo sangasanduke a lizi ya zaka 99 popanda chilolezo cha mfumu, ndipo Rufunsa ali pakhomo pa Lusaka, mzinda wodzaza anthu ofuna mafamu. M'mitsinje ndi m'mapiri muno muli golide. Azungu anakumbapo kale m'migodi ngati wa Chakwenga, ndipo lero anyamata amasefa mchenga ndi mabeseni. Mitengo yomweyo yasanduka ndalama mwa njira ziwiri zotsutsana: wina amaiotcha makala, wina amalipidwa chifukwa choisunga. Kampani ya BioCarbon Partners ili ndi ntchito yoteteza nkhalango ya mahekitala pafupifupi 40,000 m'boma lino, n'kumagulitsa kunja mpweya womwe mitengoyo yasunga. Wa mgodi, wa famu, wa nkhalango, wa ndale, onsewa amayamba agwada kwa mfumu. Malipiro a pamwezi ochokera ku boma ndi kanthu kochepa poyerekeza ndi mphamvu ya siginecha imeneyo.

Izi sizikutanthauza kuti aliyense wofuna mpando ndi wadyera. Ambiri amakhulupirira ndi mtima wonse kuti agogo awo analandidwa, ndipo nthawi zina amanena zoona. Atsamunda atakhazikitsa lamulo la maulamuliro a mafumu mu 1929, mabwana a maboma ankasankha kuti mfumu yeniyeni ndi iti, ina n'kuitsitsa kukhala nyakwawa, ina n'kuikweza chifukwa inkatolera bwino msonkho. Mibadwo ya mafumu ankailemba m'mabuku a boma malinga ndi zomwe wawauza womasulira tsiku limenelo. Mabuku omwewo ndi amene lero amanyamulidwa kupita nawo kukhothi ngati umboni wosatsutsika.

Boma la ufulu linatengera mphamvu yomweyo. Lamulo la mafumu linkapatsa pulezidenti ufulu wovomereza mfumu kapena kuichotsera chivomerezo. A Zambia akukumbukira za mpando wa Chitimukulu: akuluakulu a Abemba anasankha Henry Kanyanta Sosala mu 2013, Sata anakana kumuvomereza, apolisi anatumizidwa kuderalo, ndipo chivomerezo chinadza mu 2015 Edgar Lungu atalowa. Malamulo aakulu a dziko atakonzedwa mu 2016, gawo 165 linaletsa nyumba ya malamulo kupatsa munthu aliyense mphamvu yovomereza kapena kuchotsa mfumu, ndipo mu 2019 khothi loona za malamulo aakulu, pa mlandu wa Webby Mulubisha, linafafaniza zigawo za lamulo lakale lija. Kunali kukonza koyenera. Pulezidenti alibe gawo pa maliro a eni ake. Koma dzanja la boma litachoka, mtolo wonse unagwera oweruza milandu, anthu ophunzira malamulo a Chingerezi amene tsopano ayenera kugamula kuti pakati pa agogo awiri omwe anafa zaka 100 zapitazo wamkulu anali ndani.

Pa Rufunsa penipeni palibe zambiri zoimitsa mlendo: timasitolo, msika, malo odyera nsima ndi nkhuku ya chikuda. Mphunzitsi anagona pamenepo, ndipo m'mawa mwake anapitirira mpaka kwa Mpanshya, komwe kuli chipatala cha mishoni ya Akatolika cha St Luke's. Chipatalachi n'chodziwika kwa madalaivala onse a msewuwu, chifukwa ovulala pa ngozi za m'mapiri amathamangira nawo kumeneko.

Mapiriwo ndi a Manenekela. Msewu umakhotakhota m'mphepete mwa maphompho, malole akubuula pokwera, mabuleki akununkha potsika. M'minibasi yomwe anakwera tsiku limenelo mayi wina anayamba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi, ndipo palibe anamuletsa. Mphunzitsi, pofuna kuchotsa maso ku phompho, anatsegula buku lake pa nkhani ya mwana amene anawoloka mapiri.

Mwanayo anali Håkon, mdzukulu wa Sverre, wobadwa mu 1204 kunja kwa ukwati bambo ake atamwalira kale, m'dera lolamulidwa ndi adani a banja lake. Cha mu 1206 asilikali awiri a Birkebeiner anamunyamula m'nyengo yozizira koopsa, akutsetsereka pa chipale ndi matabwa a kumapazi, mpaka kumufikitsa kwa anthu ake. Anorway amakumbukirabe ulendowu ndi mpikisano wa makilomita 54 pakati pa Rena ndi Lillehammer, wopikisana aliyense atabereka katundu wa makilogalamu 3.5 woimira khandalo. Håkon analongedwa mu 1217 ali ndi zaka 13, koma okayika sanathe. Mu 1218 mayi ake, Inga wa ku Varteig, ananyamula chitsulo cha moto ku Bergen kutsimikiza kuti mwanayo ndi wa mfumu. Kachiwirinso ufumu wa amuna unapulumukira pa mawu ndi pa thupi la mkazi.

Munthu wochititsa chidwi kwambiri m'nkhaniyi si mfumu, koma nduna yake yaikulu, Skule Bårdsson. Iyeyu anali m'bale wa mfumu yomwe inangomwalira, Inge, ndipo anali ndi udindo wa jarl, wachiwiri kwa mfumu. Anasunga dziko mwanayo akukula, gawo lalikulu la dzikolo lili m'manja mwake. Pofuna kumanga chibale, Håkon anakwatira mwana wa Skule, Margrete, mu 1225. Mu 1237 anawakweza apongozi akewo pa udindo woposa uja. Sizinakwanire. Mu 1239 Skule anadzilonga ufumu ku Nidaros, ndipo mu 1240 asilikali a mkamwini wake anamupha pa nyumba ya amonke ya Elgeseter, atayatsa moto kuti atuluke. Atambala awiri salira m'khola limodzi, ngakhale wina akhale mpongozi wa mnzake.

Wosungira mpando ndi munthu woopsa kulikonse. Amalawa ulemu, amazolowera kuti anthu aziomba m'manja akamalankhula, ndipo tsiku lobweza limamufikira ngati chipongwe. Mabanja achifumu amene amati "agwirizire kaye amalume mpaka tigwirizane" amadziwa kuti kugwirizirako kumatha kutenga zaka.

Msewu ukamaliza mapiri umatsikira pa msika wa pa mlatho, makilomita ngati 230 kuchokera ku Lusaka. Apa mpamene aja ogona m'basi amadzukira. Pali nsomba zouma zoyalidwa pa matebulo, madengu, malichero ndi mphasa zolukidwa mwaluso, nthochi, ndi amayi oitanira malonda. "Bwerani, atate, iyi ndi ya lero, mukadyetse amayi kunyumba!" Mphunzitsi anagula ziwiri, anazikulunga mu nyuzipepala, nayenda pansi kukaona mtsinje. Mlatho womwe ulipowu, wopachikidwa pa zingwe zachitsulo, unatsegulidwa mu 1968. Kutsidya kwake ndi chigawo cha Kum'mawa.

Pamalo pano mbiri ya mipando imakumana kuchokera mbali zonse. Msewu wopatukira kumwera umatsata Luangwa mpaka ku Feira, moyang'anana ndi Zumbo wa ku Mozambique, kudzera m'dziko la Mfumu Mburuma, amene David Livingstone anadutsa kwawo mu Januwale 1856. M'zaka zotsatira chigwachi chinagwa m'manja mwa akuluakulu a Achikunda monga Kanyemba ndi Matakenya. Anthuwa anali ndi maudindo ochokera kwa Apwitikizi, koma ankalamula ngati eni dziko, ndi asilikali awoawo a mfuti, akusaka minyanga ndi akapolo m'zigwa za Luangwa ndi Lunsemfwa. Mafumu a m'derali amene anakana kuwagonjera anathawira m'mapiri. Erling Skakke akanawazindikira msanga: amuna opanda magazi achifumu, koma okhala ndi mphamvu yoika ndi kuchotsa mafumu.

Kufupi ndi Zumbo komweko ndi kumene Zwangendaba anawolotsa Angoni pa Zambezi mu Novembala 1835, tsiku la kadamsana. Angoni amatsata kwa bambo, ngati Anorway, ndipo zinawachitikira zofanana. Zwangendaba atamwalira cha mu 1848 ku Ufipa, m'dziko lomwe lero ndi Tanzania, ana a nyumba zosiyanasiyana ndi abale osungira mpando, monga Ntabeni ndi Mgayi, anakokerana mpaka mtundu unasweka. M'mbelwa anakakhazikika kumpoto kwa Malawi. Mpezeni anazungulira zaka zambiri, nadzakhala pakati pa Ansenga ndi Achewa, kufupi ndi Chipata wa lero. Mkangano wa pa maliro amodzi unajambula mapu a mayiko atatu.

Achewa nawo ali ndi yawo. Mbiri ya pakamwa imati Undi anachoka kwa Kalonga atasemphana pa za mpando, ndipo pochoka anatenga Nyangu ndi amayi ena a banja lachifumu n'kukakhala nawo ku Mano. Anadziwa chomwe ankachita. M'dziko lotsata kwa mayi, wosunga amayi obala mafumu ndiye wasunga ufumu wa mawa. Lero mafumu a Achewa a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, mwezi wa Ogasiti kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi.

Kusiyana kwa kuno ndi ku Norway n'kwakuti makolo athu anali ndi kothawira. Wogonja pa mpando ankatenga anthu ake n'kukayamba mudzi kuseri kwa phiri, ndipo pakapita mibadwo iwiri naye ankatchedwa mfumu. Lero kuseri kwa phiri kuli famu ya munthu, nkhalango ya boma kapena laisensi ya mgodi. Zambia ili ndi mafumu 288 odziwika, ndipo malire awo ndi ojambulidwa kale. Wogonja alibe kolowera koma ku apilo.

Anorway anatuluka bwanji m'mavuto awo? Choyamba anasiya moto. Kadinala wochokera kwa papa atabwera kudzaveka Håkon chisoti mu 1247, kuyesa mlandu ndi chitsulo kunathetsedwa. Kenaka mu 1260 Håkon, amene iye mwini anali mwana wa kunja kwa ukwati, anakhazikitsa lamulo lolembedwa loti mpando uzipita kwa mwana wamkulu wa mu ukwati. Analilemba iye ali moyo, ali ndi mphamvu, palibe maliro pabwalo. Atamwalira ku Orkney mu 1263, mwana wake Magnus analowa popanda lupanga kusololedwa.

Asoli safunika lamulo la Anorway, ndipo kutengera za mwana wamkulu wa bambo kungakhale kugwetsa nyumba yonse. Chotengera ndi nthawi yomwe Håkon anasankha. Mabanja achifumu a ku Rufunsa, ndi ena onse a m'mbali mwa msewu uno mpaka ku Mchinji, akhale pansi mfumu ikadali moyo, aitane amayi akuluakulu a bere lililonse, alembe mibadwo yawo ndi ndondomeko ya kalowedwe, aliyense asaine mnzake akuona. Agogo odziwa mayina akutha chaka ndi chaka. Zomwe analemba atsamunda zikusungidwa ku National Archives mu Lusaka, ndipo ndi bwino banja likaziwerenge lokha n'kuzitsutsa pomwe zalakwika, loya wa mbali ina asanazitulutse m'khothi.